Chilolezo Chifike Madzi Asanafike

Chaka ndi chaka, mitambo ikayamba kuda pamwamba pa phiri la Mulanje ndi mapiri a Thyolo, mabanja a m'chigwa cha Shire amagona khutu lili panja. Iwo amadziŵa kuti mvula imene imaŵamiza kaŵirikaŵiri ndi ija yagwa kutali kumtunda, kwa anthu amene sadaŵaonepo ndi maso. Madzi akafika, zotsatira zake tonse tazizoloŵera: ana amaleka kuphunzira chifukwa makalasi asanduka misasa, matchalitchi amadzaza ndi mphasa, kenaka kumabwera magalimoto a ufa ndi mabulangete. Pa misonkhano yopepesa mau amakhala amodzimodzi: mitsinje yathu yakwiririka, iyenera kukumbidwa. Tsono madzi akaphwa, mau aja amaphwa nawo limodzi, mpaka dzinja lina.

Ife lero tikufuna kulankhula za kanthu kooneka kochepa kamene kagona pakati pa mau ameneŵa ndi ntchito yeniyeni. Kanthuko ndi chilolezo, pepala limene boma limapereka kuti munthu akumbe mtsinje, achotsemo mchenga, kapena amange khoma lotchinga madzi, lija ambiri alitcha daiki. Pa pepala limeneli tili ndi mlandu ndi magulu aŵiri a anthu: amene akufuna kulitaya, ndi amene akubisala kuseri kwake.

Tiyambe taona m'mene chigwachi chidakhalira. Shire ndiye khomo lokhalo lotulukira madzi a nyanja ya Malaŵi, ndipo amayenda makilomita pafupifupi 400 kuti akathire mu Zambezi ku Mozambique. Pakati pa ulendo wake amatsika mwaukali pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akafika ku Chikwawa dziko limakhala lathyathyathya, ndipo liŵiro lake limatha. Madzi othamanga amanyamula dothi, madzi ofatsa amalitula. Chomwechonso amachita Mwanza, Thangadzi, Ruo ndi timitsinje tina totsika m'mapiri: katundu yense amene tasenza kumtunda timakamtula kuchigwa. Pansi pa mtsinje pamakwera pang'onopang'ono, mpaka khwaŵa limene kale linkamiza munthu wamtali limasanduka bwalo lamchenga loseŵerapo ana. Mvula yaikulu ikagwa, madzi amasoŵa podzera, ndipo amaloŵa m'midzi.

Zimene chigwachi chalipira nzolembedwa. Mu 1997 madzi adadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu Januwale 2015 boma lidalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Anthu 106 adafa, ena 172 sadapezeke, ndipo pafupifupi 230,000 adathaŵa m'nyumba zao. M'chaka chomwecho Ruo adasiya njira yake yakale, nadzitsekulira ina kumpoto kwa Chiromo, ndipo anthu a ku Makhanga adatsala ngati pa chilumba. Mu Malichi 2019 chigumula chidabweranso pamodzi ndi namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lonse nkutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthaŵi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600, nasiya ena oposa 650,000 opanda pokhala. Munthu woŵerenga zaka zimenezi aona yekha kuti mipata ya pakati pake ikunka nichepa.

Ndiye pali gulu loyamba, la anthu amene mitima yao yatopa, ndipo sitingaŵadzudzule chifukwa chotopa. Iwo amati: mapepala ngachiyani pamene anthu akufa? Bweretsani katapila, kumbani, unjikani dothi m'mbali, nkhani yatha. Mauŵa amakoma pa msonkhano, makamaka chisankho chikayandikira. Koma makolo athu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndiponso madzi sasoŵa kopita. Ukakumba chigawo chimodzi cha mtsinje nkuchiwongola, madzi amadutsa msanga pakhomo pako nkukafika ndi mphamvu zoŵirikiza pakhomo pa mnzako wa kunsi. Ukamanga daiki tsidya lino, madzi amene akadagona m'munda mwako amakagona m'nyumba za tsidya lija. Kodi amene ali tsidya lijalo adzamuyankhulira ndani, ngati palibe ofesi yofunsa mafunso ntchito isanayambe? Ndipo tisaiŵale kuti Ruo ndi malire a dziko lino ndi Mozambique, monganso Shire m'chigawo china kumwera kwa Chiromo. Pamenepo tsidya lija ndi dziko la eni.

Palinso dambo lalikulu lija David Livingstone adalitcha Elephant Marsh ataona njovu zambiri kumeneko mu 1859. Mu 2017 damboli lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi. Ena amaliona ngati malo otayika, a bango ndi ng'ona. Koma dambo limeneli ndilo limamwa madzi a chigumula nkumaŵatulutsa pang'onopang'ono. Ndilo limaswetsa mlamba ndi mphende zimene asodzi amagulitsa kuti alipirire ana sukulu. Ndipo chinyontho chotsala madzi akaphwa ndicho chimadyetsa madimba a chimanga ndi mbatata m'chilimwe. Munthu wobwera ndi makina nkukumba ngalande yaikulu mosafunsa angathe kuumitsa nkhokwe ya mabanja zikwizikwi, iye akuganiza kuti akuŵapulumutsa. Nanga amene amakumba mchenga wogulitsa m'munsi mwa milatho, kufooketsa maziko ake? Chilolezo chikathetsedwa lero, oyamba kuvina adzakhala iwowo.

Dziko lino lidaonapo kale zimene zimachitika ntchito ikatsogola chilolezo nkutsalira. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsekula doko la Nsanje pamaso pa atsogoleri a maiko oyandikana nafe, pofuna kuti katundu aziyenda pa Shire ndi Zambezi mpaka ku nyanja ya mchere. Koma chombo chimene anthu ankachidikira tsiku limenelo sichidafike: akuluakulu a ku Mozambique adachiimitsa, ponena kuti kafukufuku woyenera, wokhudzanso za chilengedwe, adali asanachitike. Doko lija lidatsala lopanda zombo. Fulumira adadya gaga.

Motero ife tikuti chilolezo nchofunika, ndipo malamulo ochikhazikitsa alipo. Lamulo la za madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, loyang'anira mitsinje ndi ntchito zochitika m'menemo. Lamulo la za chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe zisanayambe, kuti zidziŵike m'mene zidzakhudzire anthu ndi malo. Mu 2023 padabwera lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuloŵa m'malo mwa lija la 1991 limene lidapangidwa pambuyo pa chigumula cha ku Phalombe, ndipo mtima wa lamulo latsopanoli ndi wakuti ngozi tiziitchinga isanagwe. Pa pepala tili bwino ndithu.

Apa ndiye tikutembenukira ku gulu lachiŵiri, ndipo mlandu wao ndiwo waukulu, pakuti iwo ndiwo ophunzira. Aŵa ndi anthu amene amaganiza kuti pepala likakhala pa desiki, ntchito ikuyenda. Mtsinje sudziŵa chaka cha boma cha ndalama, sudziŵa tsiku la msonkhano wa komiti. Umadziŵa nyengo ziŵiri zokha. Nthaŵi yokumba mchenga ndi kukonza madaiki ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene madzi ali ochepa, makina angathe kuloŵa, ndipo dothi lounjikidwa lingathe kutsindiridwa nkumera udzu. Chilolezo chotuluka mu Disembala chili ngati mbeu yogaŵidwa mu Malichi. Ndani mwa ife sadaonepo katapila atatitimira m'matope, akuyesa kugwira pa mvula ntchito imene idayenera kutha masika? Dothi lofeŵa loikidwa motero limapita ndi madzi oyamba, ndalama nkupita nalo.

Chodabwitsa nchakuti ngozi ikagwa, zitseko zonse zimatseguka tsiku limodzi. Ndalama zimapezeka, masaini amapezeka, makina amapezeka. Tsono ife tikufunsa: liŵiro limene limaoneka maliro atachitika, bwanji silioneka mu Julaye, pamene likadaletsa malirowo? Kodi mng'alu wa pa daiki, umene anthu khumi a makasu ndi mawilibala akadautseka pa sabata imodzi, uyenera kudikira kuti usanduke chiphompho ndipo uyenerere chifundo?

Kulakwa kwakukulu ndi kusasiyanitsa ntchito yatsopano ndi ntchito yokonza. Kupatutsa mtsinje, kumanga daiki pamalo pamene padalibe, kukumba njira ya zombo: izi ziunikidwe mofatsa, ngakhale zitenge chaka, ndipo a tsidya lija amvedwe. Koma kuchotsa mchenga pansi pa mlatho kuti pabwerere m'mene padaliri, kulambula ngalande yakale, kutseka una wa chiswe pa daiki yomangidwa kale, imeneyi ndi ntchito ya chaka ndi chaka, yonga kufolera denga. Palibe munthu amapita kwa mfumu kukapempha malo mwatsopano nthaŵi iliyonse akafuna kufolera nyumba yake. Pambuyo pa chigumula cha 2015 madaiki adamangidwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi thandizo la World Bank ndi mabungwe ena. Koma daiki yopanda woisamala ndi msampha, pakuti imaitana anthu kuti amange kuseri kwake mokhulupirira, kenaka imaphulika usiku.

Anzathu a ku Somerset, ku England, adaphunzira zomwezi moŵaŵa. M'nyengo yozizira ya 2013 mpaka 2014 chigwa chao chidamira kwa masabata ambiri, ndipo alimi adakwiya ponena kuti mitsinje idasiyidwa zaka zambiri osakumbidwa. Mu 2014 makilomita 8 a mitsinje ya Parrett ndi Tone adakumbidwa ndi ndalama pafupifupi mapaundi 6 miliyoni. Koma matope adayambanso kubwerera, motero mu 2015 adakhazikitsa bungwe lao la Somerset Rivers Authority, loona za kukonza mitsinje mosalekeza, ndipo ndalama zake zimachokera ku msonkho wa eni dera. Ngakhale kwathu konkuno, pa madamu a magetsi a Nkula ndi Kapichira padafunika kugula makina okumba matope, chifukwa dothi silileka kubwera. Kukumba kamodzi nkujambulitsa zithunzi ndi chikomekome cha mkuyu.

Zimene tikupempha tsono ndi izi. Choyamba, pakhale khomo limodzi, ku khonsolo ya boma, kumene mudzi kapena komiti yoona za ngozi ingapereke pempho lake. Maofesi a za madzi ndi a za chilengedwe azikambirana okhaokha, mmphaŵi asamaononge ndalama za mayendedwe kufunafuna saini. Chachiŵiri, ntchito yokonza ipatsidwe chilolezo cha zaka zingapo, chonena momveka malo, kuya kwake, miyezi yogwirira ntchito, ndi kotayira mchenga, pakuti mchenga wounjikidwa pa gombe umabwerera mu mtsinje ndi mvula yoyamba. Chachitatu, pempho lililonse likhale ndi tsiku loyankhidwira, ndipo pempho lokanidwa lipatsidwe chifukwa cholembedwa m'chinenero chimene eni pempho amamva. Chachinai, chilolezo chilichonse chiŵerengedwe pa bwalo la mfumu, tsidya lino ndi tsidya lija, ntchito isanayambe. Chachisanu, daiki iliyonse ikhale ndi mwini wodziŵika ndi thumba lake la ndalama zokonzera. Ndipo amene amakumba mchenga wogulitsa popanda chilolezo, lamulo limgwire mosayang'ana nkhope, kuti anthu aone kuti pepalali lili ndi mano.

Komabe tikaloza ena chala, tiyang'anenso m'manja mwathu. Mchenga umene wakwirira Mwanza ndi Ruo sudagwe kumwamba. Kafukufuku adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi limenelo ndi la minda yathu yopanda akalozera, la mapiri amene tidaŵameta, la magombe amene talima mpaka m'madzi. Thumba la makala limene timagula ku Blantyre ndi Limbe lili ndi mtengo wina umene amalipira mai wa ku Nsanje, atakwera mu mtengo usiku ndi mwana kumbuyo. Palibe katapila angathe kuchotsa kunsi zimene makasu ndi nkhwangwa zikwizikwi zikutumiza kuchokera kumtunda. Ndiponso pali malo ena amene ngakhale daiki siingaŵateteze, ndipo kumeneko nkhani yosamukira kumtunda iyenera kukambidwa moona mtima, pamodzi ndi nkhani ya minda ndi madzi akumwa kumalo atsopanowo.

Inu makolo amene mukuŵerenga tsamba lino, musadikire kuti wailesi ilengeze za namondwe. Mvula ikangokata, yendani ndi anyakwaŵa anu m'mbali mwa mtsinje, muone pamene pang'aluka ndi pamene pakwiririka, mulembe. Pitani nazo ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwa khansala ndi kwa phungu wanu, ndipo muŵafunse mafunso atatu: ntchitoyi ndi ya yani, chilolezo chake chili pati, ndipo iyamba mwezi uti. Akayankha mozungulira, mubwererenso mwezi wotsatira ndi mafunso omwewo. Ndipo inu a kumtunda, bzalani vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa khwaŵa lanu chaka chino, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.