Wapolisi wosadziwa kuwomba ndiye woopsa kwambiri

Nkhani ya mfuti anthu ambiri safuna kuimva, ndipo ndikudziwa kuti ena atseka tsamba lino akangowerenga mutu. Komabe ndinene: boma ligulire apolisi athu tizipangizo tamagetsi tophunzirira kuwomba pisitoli popanda chipolopolo, ndipo liyambire kumalo ngati kwathu ku Chiringa, osati ku Area 30 ku Lilongwe.

Kachipangizo komwe ndikunena ndi kakang'ono kuposa bokosi la machesi. Kamamangidwa kunsi kwa mpope wa mfuti. M'kati mwake muli masensa a mtundu womwewo wa m'foni yanu, aja amadziwa kuti mwaitembenuza chithunzi n'kutembenuka nacho. Munthu amachotsa zipolopolo zonse, kuloza pa chandamale chomata pakhoma, n'kukhethemula. Kachipangizoko kamayeza mmene mfuti yagwedezekera chala chisanakoke, pokoka, ndi chitakoka, kenaka kamatumiza zonse ku foni kudzera pa Bluetooth. Pa foni pamabwera mzere woonetsa njira yomwe mpope wadutsa, komanso malikisi osapitirira 100. Kodziwika kwambiri ndi MantisX ka ku America, komwe mtengo wake uli cha m'madola 200. Kalinso kena, SCATT, kochokera ku Russia, komwe kamagwiritsa ntchito kuwala ndipo akatswiri a mpikisano wowomba amakadalira. Akatswiriwo chandamale chawo chimakhala pa mamita 10, ndipo bwalo lapakati ndi la mamilimita 11.5 basi. Manu Bhaker wa ku India, yemwe anatenga mamendulo awiri ku Olympics ya ku Paris mu 2024, amapikisana pa kabwalo kakang'ono chomwecho.

Tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake ndikulimbikira. Pamwamba pa pisitoli pali timfundo tiwiri toyang'anira polozera, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndipo pa mfuti zambiri titalikirana masentimita pafupifupi 15. Kutsogolo kukapatuka ndi milimita imodzi yokha, chipolopolo chikayenda mamita 25 chimakhala chitapatuka ndi masentimita pafupifupi 17. Akakhala mamilimita atatu, ndiye theka la mita. Mamilimita atatu ndi ochepa kuposa kambewu ka mpunga, ndipo chala chokoka mwamantha chimagwedeza mfuti kuposa pamenepo. Tsopano ganizani za msika wa pa Chiringa tsiku lodzadza: amayi a nandolo ndi tomato, anyamata a kabaza, ana ogulitsa zitumbuwa, abale athu ochokera ku Mozambique ndi njinga za chimanga. Theka la mita pamenepo ndi kusiyana kwa mwendo wa wakuba ndi chifuwa cha mwana amene wangoima pafupi.

Anzanga ena a pakoleji, makamaka ochita za ufulu wachibadwidwe, akuti: "Ukufuna apolisi azidziwa bwino kupha anthu?" Funso limeneli limamveka lanzeru pamsonkhano, koma silithandiza munthu wa kumsika. Mfuti ali nazo kale. Lamulo la apolisi la 2010 limawalola kuzigwiritsa ntchito pa zifukwa zina. Palibe amene akufunsa ngati tiwapatse mfuti kapena ayi. Funso ndi lakuti dzanja logwira mfutiyo ndi lozolowera kapena lonjenjemera. Wapolisi wosadalira dzanja lake amawomba msanga chifukwa cha mantha, ndipo amawomba kambiri poganiza kuti chimodzi chipeza. Zipolopolo zophonyazo sizisungunuka m'mwamba. Ngakhale mfundo za United Nations za kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti, zomwe anagwirizana ku Havana mu 1990, zimanena ziwiri pamodzi: kuti mfuti ndi yotetezera moyo umene uli pangozi yeniyeni, komanso kuti munthu asaloledwe kuinyamula asanamalize maphunziro ake apadera. Amene amakonda mfundo yoyambayo n'kunyansidwa ndi yachiwiri wawerenga theka la chikalata.

Ena akuti ndi zoseweretsa za azungu, dziko losauka lisataye nazo ndalama. Ine ndikuti umphawi womwewo ndiwo ukutikakamiza. Zipolopolo timagula kunja, ndipo ndalama zakunja zikusowa mpaka mafuta ndi mankhwala. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chipolopolo chikawombedwa chatha. Kuti wapolisi wa ku Chiringa akawombe zenizeni pafunika malo otetezeka, galimoto, mafuta, alawansi ndi mphunzitsi. Sukulu za apolisi zili ku Limbe, ku Zomba, ku Mtakataka ndi ku Mlangeni, osati kuseri kwa Michesi. Kachipangizo aka kamangofuna chipinda, khoma, foni ndi kutchaja. Kamodzi kangathandize apolisi onse a pa ofesi imodzi, aliyense mphindi khumi tsiku lililonse, chaka chonse, popanda phokoso loopseza ana a sukulu.

Bwanji Chiringa? Chifukwa tili m'malire. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma mfuti zake sizinathe ndi kusayina kwa ku Rome. Zinatsala zambiri moti mu 1995 bungwe la mipingo la m'dzikolo linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Malire athu ndi minda ndi tinjira, osati mpanda. Wapolisi wa kuno akakumana ndi achifwamba usiku, thandizo la ku boma lili kutali, ndipo nthawi ya mvula tonse tinaona mu March 2023, namondwe Freddy atadula misewu ndi milatho, kuti dera lino litha kutsala lokha masiku angapo. Amene ali kutali ndi thandizo ndiye ayenera kukhala woyamba kupatsidwa chophunzirira. Mwachizolowezi zinthu zatsopano zimathera ku likulu, zimajambulidwa pa mwambo, kenaka zimagona m'kabati ya bwana.

Pali mfundo ina imene ndimaiona yaikulu kuposa zonsezi. Kachipangizoka kamasunga mbiri. Kamalemba tsiku, kuchuluka kwa maulendo omwe munthu wakhethemula, ndi malikisi ake. Choncho mkulu wa pa ofesi atha kukhala ndi lamulo losavuta: amene sanafike pa mlingo mwezi uno asatenge mfuti m'chipinda chosungira zida, agwire ntchito ina mpaka atakhoza. Ndipo tsiku limene munthu wawomberedwa, bungwe la Independent Complaints Commission, lomwe lamulo la 2010 linakhazikitsa koma linayamba ntchito patapita zaka pafupifupi khumi, litha kufunsa funso lokhala ndi yankho lolembedwa: wapolisi ameneyu anaphunzira liti komaliza, ndipo ndani anamupatsa mfuti? Mlandu ukatero sugwera kamnyamata ka konsitebulo kokha, umakwera mpaka kwa amene anasayina.

Sindikunena kuti sensa ndi mankhwala a zonse. Mfuti yopanda chipolopolo siibwerera m'manja ndipo siilira, choncho kuwomba zenizeni kuyenera kupitirira, kungoti zipolopolo zochepa zomwe tili nazo zigwiritsidwe ntchito ndi manja okonzeka kale. Ndiponso kachipangizo sikaphunzitsa nthawi yosawomba. Pa 20 ndi 21 July 2011, anthu 20 anafa pa zionetsero ku Mzuzu, Lilongwe, Karonga ndi Blantyre, ndipo komiti yofufuza inapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso. Pamenepo vuto silinali kuphonya. Linali la kusalemekeza gawo 16 la malamulo aakulu a dziko, lonena za ufulu wokhala ndi moyo. Zimenezo zimakonzedwa ndi makhoti ndi utsogoleri. Koma kukana kukonza dzanja chifukwa mutu nawonso ukufunika kukonza ndi ulesi wovala jekete la nzeru.

Chomwe ndikuopa kwambiri ndi kagulidwe. Tonse tikukumbuka mmene nkhani ya makontrakiti a katundu wa apolisi ndi asilikali inagwedezera dziko mu 2022. Chinthu cha madola 200 chitha kufika pa pepala la boma chili pa madola 2,000. N'chifukwa chake ndikuti tiyambe pang'ono ndiponso poyera. Agule tizipangizo towerengeka, mtengo wake ulengezedwe, atiike m'maofesi a apolisi a m'boma la Phalombe kwa chaka chimodzi, ndipo zotsatira zake zipite ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Zikakanika, tataya ndalama zosafika pa mtengo wa galimoto imodzi ya nduna.

Inu aphungu a ku Phalombe, nanunso a makomiti a chitetezo cha m'midzi, funso loyamba silifuna ngakhale tambala. Pa msonkhano wotsatira ndi akuluakulu a polisi, afunseni kuti wapolisi aliyense wonyamula mfuti m'dera lanu amaphunzira kangati pa chaka, ndipo yankholo alilembe.