Neti ya Udzudzu Si ya ku Dimba

Ku Mwenilondo, m'boma la Karonga, dzuwa la Okutobala ndi Novembala silichitira chifundo mbande za phwetekere ndi kabichi. Mlimi ayenera kuziphimba ndithu. Koma aziphimbe ndi chiyani?

Pepala la pulasitiki siliyenera konse m'dera lotentha la kunyanja, pakuti limatsekereza mpweya, mbande n'kupsa. Denga la udzu wopyapyala loimikidwa pa mphanda limatchinga dzuwa ndi mvula yamphamvu, koma tizilombo timalowabe. Chopambana ndicho neti yoyera ya maso aang'ono yopangidwira ulimi: imalowetsa kuwala, mpweya ndi madzi, nitsekereza agulugufe oikira mazira pa masamba, malinga m'mphepete mwake mwakwiriridwa ndi dothi. Pakatsala sabata kuti awokere, mlimi aziichotsa pang'onopang'ono kuti mbande zikhwime.

Cholakwa chachikulu ndicho kutengera kudimba neti za udzudzu zimene Boma linayamba kugawira makomo a m'dziko lonse mwaulere mu 2012. Netizo ndi za pogona, zoteteza ana ku malungo. Wophimba kabichi mwana nagona pamtetete sanawerenge bwino phindu lake, pakuti maliro sagulidwa ndi ndiwo zamasamba. Tsono wosowa ndalama amwete udzu, ndipo afunse mlangizi wa zaulimi.