Galu kusiya kutsimphina si kuchira

Okutobala akafika kuno ku Tete, dzuwa silichita masewera. Masana kutentha kumatha kuposa madigiri 40, oyendetsa txopela amakaimika pamthunzi, ndipo wowoloka mlatho wa Samora Machel wapansi kupita ku Matundo amaponya miyendo mofulumira. Tonsefe timakhala tavala kanthu kuphazi, ngakhale patapata wong'ambika. Woyenda chopanda nsapato m'tauni muno ndi galu, ndipo nyengo imeneyi agalu oyendera miyendo itatu amachuluka m'mabwalo athu, kuyambira ku Chingodzi mpaka ku Mpadue. Ambiri timangoseka n'kunena kuti galu amadzichiza yekha ndi lilime. Ine ndikukana. Bala la kuphazi kwa galu limafuna munthu, ndipo chimene limafuna kwambiri kwa munthuyo si ndalama koma kudekha.

Tiyambe ndi phazilo. Mukalitembenuza mupeza timinofu takuda tolimba, tinayi ta kuzala ndi kamodzi kakakulu pakati. Kunja kwake ndi chikopa chokhuthala, mkati muli mafuta amene amateteza mafupa galu akamathamanga. Kulimba kwakeko n'kumene kumatipusitsa. Phula ndi mchenga zimasunga moto kuposa mpweya, moti masana a kuno msewu umatha kupitirira madigiri 60. Pamoto wotero chikopa cha kuphazi chimapsa, kutuluka matuza, kenako n'kusendeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: gunditsani kuseri kwa dzanja lanu pansi n'kuwerenga mpaka seveni. Mukalephera kupirira, galu wanunso sangapirire.

Koma adani a phazi si dzuwa lokha. Pali mabotolo osweka kuseri kwa mabawa, zidutswa za malata, mawaya a minga, komanso minga ya masawu, mtengo umene timaukonda chifukwa cha zipatso zake. Mumchenga wa pakhomo mumabisala matekenya, amene amaboola phazi la galu monga amachitira ndi la mwana. Palinso ntchentche ina imene imaikira mazira pamchenga wa mikodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Choncho galu akayamba kutsimphina kapena kunyambita phazi limodzi osalekeza, ntchito yoyamba n'kuyang'ana, osati kungoganiza kuti ana amugenda.

Musanagwire phazilo, mangani kukamwa kwake ndi kansalu, pakhalenso wina womugwira thupi n'kumamulankhula. Galu wofatsa bwanji, ululu ukamufika pamtima amaluma mbuye wake. Kumangako kukhale kwa mphindi zochepa chabe, chifukwa galu amaziziritsa thupi mwa kupuma pakamwa, ndipo pa kutentha kwa kuno kumutseka nthawi yaitali n'kumupha. Ngati galuyo ndi wachilendo, wongoyendayenda, musamugwire n'komwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi agalu. Mukalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala oyamba ali kale kukhitchini kwanu. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi, dikirani azizire, ndiye tsukani balalo mpaka mchenga wonse utachoka. Munga kapena kagalasi kooneka pamwamba kazuleni. Kolowa mkati kasiyeni, muwonjezera bala. Ngati magazi akutuluka, dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi khumi osasuzumira. Phazi lopsa liviikeni m'madzi ozizira. Kenako kulungani ndi bandeji kuchokera kuzala mpaka pamwamba pa mfundo, mosathinitsa, moti chala chanu chizitha kulowa, n'kuvekapo sokosi yakale yochapa bwino. Bandejiyo muzisintha tsiku lililonse, ndipo ikanyowa musinthe nthawi yomweyo.

Pali zina zimene ndimaziona zikuchitika m'makomo mwathu, ndipo ziyenera kutha. Oilo wakuda wa galimoto, madzi a batire, phulusa, kachasu: zonsezi zimawotcha mnofu umene ukufuna kumera, ndipo galu akazinyambita zimakathera m'mimba. Mapiritsi athu a ibuprofen ndi diclofenac amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo ngakhale panado sayenera kupatsidwa popanda mawu a dokotala wa ziweto. Dokotalayo muthamangireni ngati magazi sakusiya, ngati bala lili lakuya kapena chikopa chikulendewera, ngati phazi latupa, likununkha kapena likutuluka mafinya, ndiponso ngati galu wasiya kudya.

Nanga lilime lija? Kunyambita pang'ono kumachotsadi fumbi. Koma galu sadziwa polekezera. Usiku wonse amakhala akupala balalo, nkhanambo ikangouma iye n'kuichotsa, ndipo m'kamwa mwake mumakhala tizilombo tambiri. Mnansi wanga wina, mayi wogulitsa nsomba zouma, anathana nalo vutoli mwanzeru. Anatenga kachidebe kakale ka pulasitiki, n'kudula pansi pake, n'kukulunga m'mphepete ndi nsanza kuti kasacheke khosi, n'kukamangirira pa lamba wa galu wake. Galuyo anayenda chobwerera m'mbuyo, akugunda zitseko, ana a pamalopo akugudubuka ndi kuseka. Wina anafunsa kuti, "Amayi, kodi galuyu mwamugulira chipewa?" Iwo anangoti, "Iwe seka, koma phazi lipola." Pofika madzulo anali atazolowera, akumwa madzi bwinobwino, ndipo bandeji inagona osakhudzidwa.

Tsopano tafika pamene ambiri timagwera. Pakangotha masiku ochepa galu amayamba kuponda, mchira uli gwede gwede, akulira kuti amasulidwe. Mwini wake amati wachira, n'kumutsegulira geti. Madzulo amabwera akusiya madontho a magazi pasimenti, ndipo ntchito yonse iyambirenso. Chifukwa chake n'chakuti ululu umatha msanga kuposa bala. Bala la pamsana limapola galu akuyenda, koma la kuphazi limasenza thupi lonse, ndipo sitepe iliyonse imakankha milomo ya balalo kuti itseguke. Kusupuka kwa pamwamba kumatha kupola pa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene kuchekeka kwakuya kumafuna masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira apo. Galu sawerenga masiku. Wowerenga ndinu.

Kumupumitsa sikutanthauza kumumanga ndi tcheni pamtengo wopanda masamba. Mupezereni pakhonde kapena chipinda chopita mphepo, pansi pouma ndi posesa, ndi madzi akumwa osatha. Azituluka ali pachingwe kukadzithandiza basi, n'kubwerera. Ngati pansi panyowa, phazilo livekeni jumbo potuluka, koma muichotse mukangolowa, chifukwa thukuta la galu limatulukira kuphazi ndipo bala lofundikidwa m'pulasitiki limawola. Galu wozolowera kuyenda amasungulumwa, ndiye mupatseni choti azitafuna, ana azikhala naye pafupi, chakudya muchepetseko pang'ono poti sakugwira ntchito.

Bala likatsekeka mudzaona chikopa chatsopano, chofiirira ndi chofewa. Chikopa chimenechi chili ngati manja a mwana wa sukulu amene wangopatsidwa khasu: chimalimba ndi ntchito, koma ntchito ya pang'onopang'ono. Yambani ndi mphindi zisanu kapena khumi, galu ali pachingwe, pa dothi lofewa kapena paudzu. Nthawi yabwino ndi mbandakucha, chifukwa phula limakhalabe lotentha ngakhale dzuwa litalowa kale. Mukabwerera, tembenuzani phazi n'kuyang'ana. Ngati palibe kufiira, kung'aluka kapena kutsimphina, mawa wonjezerani pang'ono. Chizindikiro chilichonse chikaoneka, bwererani m'mbuyo masiku awiri. Miyala, phula ndi kuthamanga zibwere pamapeto penipeni, ndipo galu wolondola mbuzi kubusa kapena wosaka asabwerere kuntchito mpaka phazi litada ndi kulimba ngati anzake atatu aja. Kumtsinje wa Zambezi musamutengere pofuna kuti azizire: madzi amafewetsa chikopa chatsopanocho, matope amabweretsa tizilombo, ndipo ng'ona sizisankha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa chimene ena mukunena: "Akulu, galu wanga ndi mlonda. Ndikamutsekera masabata atatu, nkhuku zanga ndi njinga yanga aziyang'anira ndani?" Funsoli n'lomveka, pakuti ambiri kuno sitiweta galu kuti tizimusisita, timamuweta kuti tigone tulo. Koma taganizani bwino. Chimene chimabweza wakuba pampanda ndi mawu a galu, osati liwiro lake. Galu wogona pakhonde ndi sokosi kuphazi amamva mtswatswa wa munthu bwino lomwe, ndipo amauwa mpaka nyumba yonse idzuke. Pamene mukamumasula msanga, bala lotsegukatseguka limalowa mafinya, ndipo mlonda uja akhoza kutsimphina miyezi, kapena kulumala mpaka kalekale. Masabata atatu a kudekha n'ngotchipa kuposa kulera kagalu kena kuchokera pachiyambi, kamene chaka chathunthu kazingouwa abuluzi.