Tizungulire kwathu ndi miyendo, tione kumene madzi achokera

Miyezi ya June ndi July, pamene mwera wavundula nyanja ndipo asodzi akokera mabwato awo kumtunda, ndiyo nyengo yabwino yoyenda ulendo wapansi. Dzuwa silipweteka, matope auma, ndipo ntchito ya kumunda yapepuka. Tikufuna kupempha mabanja a ku Nkhunga ndi madera ozungulira Dwangwa kuti m'nyengo imeneyi azipatula tsiku limodzi, asonkhane ndi abwenzi awo, nayende ulendo wozungulira: kunyamuka m'bandakucha, kukwera zitunda za kumadzulo kwa msewu wa M5, kulowa m'nkhalango, kutsikira m'minda, ndi kubwerera kunyumba podzera njira ina dzuwa lisanalowe.

Tikudziwa kuti ena aseka. Adzati kuyenda kopanda chokatenga n'kwa alendo okhuta, pakuti mayi wa kuno amayenda kale mitunda tsiku ndi tsiku kukatola nkhuni, ndipo mwana amapita wapansi kusukulu. Mawuwo ndi oona. Komabe wosenza mtolo maso ake amakhala pa njira, ndipo amabwerera momwe anadzera. Ambiri a ife timadziwa njira ya kuchigayo, ya kumsika ndi ya kuchipatala, koma sitinaonepo m'mene zitunda, nkhalango, minda ndi nyanja zimagwirirana. Ulendo wozungulira umaonetsa zonsezi pa tsiku limodzi, chimodzi pambuyo pa chinzake.

Choyamba munthu amafika pa madambo ndi zitunda za udzu. Ambiri timayesa malo otere ndi achabe, oyenera kutenthedwa kuti tigwire mbewa. Koma dambo lili ngati mtsuko: limamwa mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Tsekera wofolera nyumba amachokera komweko, ndipo mizu ya udzu ndiyo imagwira dothi. Kumene moto wolusa umadutsa chaka ndi chaka, woyenda adzaona yekha ngalande zimene madzi anakumba, zina zakuya kufika m'chiuno.

Akapitirira alowa m'nkhalango ya mitengo yachilengedwe, monga mombo, tsamba, muwanga ndi msuku. Apa ndi pabwino kupumulira, kudya chinangwa chophika ndi kumwa thobwa. Ndi pamenenso wachikulire angaphunzitse ana mayina a mitengo, umene umapatsa luzi, umene pansi pake pamamera bowa, ndi umene njuchi zimakonda. Tsono aliyense awerenge zitsa zimene akuona, ndiponso mauvuni a makala amene anasiya zipsera zakuda. Sitikunena izi kuti tiloze chala wootcha makala, pakuti thumba limene anagulitsa mwina linathera pa mbaula yathu. Tikungofuna kuti wogula akaone malo amene makala ake anachokera.

Potsika, njira imadutsa m'minda ya chinangwa chimene timadyera kondowole, m'madimba ndi m'minda ya mpunga, kufikira pa chigwa cha nzimbe chimene chakhala chikudyetsa fakitale ya shuga ya Dwangwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Yang'anani magombe a timitsinje. Kumene bango ndi mitengo zinasiyidwa, gombe lili chilili. Kumene khasu linafika mpaka m'madzi, gombe likugumuka, ndipo mchenga wadzaza pamene kale panali dziwe. Dothi limenelo limathera m'nyanja. Nsomba monga mpasa, imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana, imafuna miyala yoyera yoikirapo mazira, ndipo matope akakwirira miyalayo msodzi nayenso amamva kuwawa.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Kumapeto kwa February chaka cha 2024, mvula yamphamvu inasefukiritsa mitsinje m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda. Anthu ena anataya miyoyo, zikwizikwi anasowa pokhala, ndipo msewu wa M5 unaduka. Mvula yotere palibe munthu angailetse. Koma liwiro limene madzi amatsikira limadalira chimene apeza kumtunda: akagwa pa masamba ndi udzu amalowa pansi, akagwa pa nthaka yambee amathamangira kuchigwa nthawi imodzi. Mtsinje wa Dwangwa umayambira kutali, ku nkhalango ya Kasungu, choncho si zonse zili m'manja mwathu. Komabe timitsinje tambiri timene timadutsa m'midzi yathu timayambira pa zitunda zimene munthu angafikepo ndi miyendo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Amene waona gwero lake sadzaonanso kusefukira kwa madzi ngati tsoka lochokera kosadziwika.

N'chifukwa chiyani tikuti ulendowu ukhale wa gulu? Kuyenda awiri si mantha. Pa njira yopapatiza, mphunzitsi, wodula nzimbe ndi msodzi amayenda pa mzere umodzi ndi kumwera botolo limodzi. Wamphamvu amaphunzira kudikira wotsalira, popeza gulu limafika kunyumba pamene womaliza wafika. Bambo ndi mwana wake wamwamuna, amene pakhomo sapeza poyambira nkhani, amamasukirana akuyenda. Chinanso n'chakuti chimene waona wekha umachisunga mumtima, koma chimene mwaona anthu khumi chimafika pa bwalo la mfumu.

Pali zoyenera kusamala. Dziwitsani anyakwawa a midzi imene mudutsemo, ndipo musaponde mbewu za eni kapena kuthyola nzimbe. Malo osungirako nyama zakutchire a Nkhotakota, amene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, analandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Kudumpha mpanda wake ndi mlandu komanso kuika moyo pachiswe; ofuna kukaona nyama alowere pachipata ndipo atsogozedwe ndi alonda. Madera oyandikana ndi malowa ali ndi ntchentche za kashembe zofalitsa matenda a kaodzera, choncho valani zofunda manja ndi miyendo, ndipo wotentha thupi pambuyo polumidwa athamangire kuchipatala. Musasambe m'maiwe osawadziwa chifukwa cha ng'ona. Tengani madzi okwanira, ndipo musasiye moto kapena mapepala apulasitiki pamene munapumulira.

Mukabwerera, khalani pansi musanabalalike, aliyense anene chimene waona. Sankhani malo amodzi okha, kaya gombe logumuka kapena chitunda chometedwa, mukambirane ndi mfumu ndi mwini malo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December, ndipo kuchokera mu July mpata wofesa mbande ulipo wokwanira. Chaka chotsatira mudzayendenso njira yomweyo pamodzi ndi ana, mukawerenge mitengo imene yagwira.