Tochi ya Laser: Nyali Kapena Cholembera?

Kwathu ku Muloza, pamalire a Malawi ndi Mozambique, katochi ka laser ana amakadziwa ngati choseweretsa basi, kadontho kofiira kothamangitsira mphaka pakhonde. Ine ndikuti kachipangizoka kangagwire ntchito yolemekezeka pa kamera ya filimu, ija ojambula akale ankayenda nayo m'maukwati kenako n'kutumiza filimuyo ku Blantyre kukatsukitsa.

Tivomereze kaye kuti ngati nyali, laser siingapikisane ndi fulashi. Fulashi imamwaza kuwala kwa mitundu yonse pankhope kamodzin'kamodzi. Laser imatulutsa mtundu umodzi wokha, wofiira wa mananomita pafupifupi 650 kapena wobiriwira wa 532, ndipo kuwalako kumaunjikana pamalo amodzi. Wofuna kuunikira nayo akwati asayerekeze n'komwe: nkhope sizioneka, ndipo diso la munthu likhoza kuwonongeka.

Mphamvu yake ili pena. Usiku wopanda mwezi, khazikani kamera poti siigwedezeka, ngakhale pamtondo wovundikira, n'kusiya shata yotsegula pachizindikiro cha B. Filimu imasonkhanitsa kuwala kulikonse kogwerapo nthawi yonseyo. Ndiye yendetsani kadontho kaja pamwamba pa tiyi wa m'munda kapena pakhoma la njerwa. Pomwe kadutsa pamalembeka mzere, pomwe kazengereza pamawala kwambiri, pomwe sikanafike pamatsala mdima. Luso lotere si lachilendo. Mu 1949 Gjon Mili anajambula Pablo Picasso akulemba zithunzi m'malere ndi kanyali wamba, zaka 11 Theodore Maiman asanayatse laser yoyamba mu 1960.

Monga wophunzira zilankhulo, apa m'pamene pamandikoka mtima. Dzina lachingerezi la luso lojambula ndi kamera linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuwala ndi kulemba. Ife tili ndi mneni mmodzi, kujambula, wa pensulo ndi kamera yomwe. Ndamvapo anzanga akuti umenewu ndi umphawi wa Chichewa. Sindigwirizana nawo. Munthu woyendetsa laser mumdima akuchita zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mneni wathuwo ukumukwana ndendende.

Ena angafunse kuti, nanga bwanji osangogwiritsa ntchito foni? N'zoona, foni imaonetsa chithunzi pompopompo, pamene filimu masiku ano ndi yodula komanso yosowa. Koma pafoni munthu amafufuta n'kuyambiranso kambirimbiri osaganiza. Filimu ya zithunzi 36 imamukakamiza kukonza mzere uliwonse m'mutu dzanja lisanasunthe, monga mlakatuli amayezera mawu ake.

Woyesa adziwe zinthu ziwiri. Asaloze laser m'galasi la kamera, maka akusuzumiramo. Ndipo akafuna kulemba mwachindunji papepala lotsukirapo zithunzi zakuda ndi zoyera, asankhe yobiriwira, chifukwa pepalalo silimva kwenikweni kuwala kofiira. N'chifukwa chake chipinda chotsukira zithunzi chimaunikidwa ndi babu lofiira.