Nyama yaiwisi kwa agalu: alimi cenjerani

Masiku ano kwafika mcitidwe wopatsa agalu nyama yosaphika, ndipo achinyamata athu akuuona pa mafoni nkumaubweretsa kumudzi ngati nzeru yatsopano. Amene anaufalitsa kwambiri ndi Ian Billinghurst, dokotala wa ziweto wa ku Australia, m'buku limene analemba mu 1993. Iye anati galu ndi mbale wa zilombo za m'chire, motero ayenera kudya nyama, mafupa ndi zam'kati zosapita pamoto. Ife sitikutsutsa kuti mimba ya galu imagaya nyama yaiwisi. Nkhawa yathu ili pa ana, mbuzi ndi ng'ombe zimene zimakhala pakhomo limodzi ndi galuyo.

Anzathu akunjawo amagula nyama yopimidwa ndi kuisunga m'firiji. Ngakhale ndi conco, mu 2017 anthu anayi ku England anadwala ndi kacilombo ka E. coli kamene akatswiri anakaganizira kuti kanacokera m'matumbo aiwisi odyetsa agalu, ndipo mmodzi anamwalira. Nanga kwathu kuno, kumene nyama yaiwisi ya galu imatanthauza mapapu otayidwa pophera, mutu wa mbuzi yodwala, kapena ng'ombe yofa yokha?

Taonani zimene zimacitika pa ukwati, pa maliro ngakhale pa Khirisimasi. Osenda akapeza matuza a madzi m'ciwindi kapena m'mapapu, amadula mbaliyo ndi kuponyera agalu, poganiza kuti acita ukhondo. Komatu m'matuza amenewo muli ana a njoka za m'mimba. Zimakulira m'matumbo a galu, iye osaonetsa kudwala kulikonse, ndipo mazira ake amatuluka ndi cimbudzi nkugwera pa udzu, m'dimba ndi pabwalo pamene ana amasewera. Ciweto cikadya udzuwo, matuza amayambanso. Mwana akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, thuza limakula pang'onopang'ono m'ciwindi mwake kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Palinso mtundu wina wa njoka zomwezi umene umakhala mu ubongo wa nkhosa ndi mbuzi. Mlimi amene anaonapo mbuzi ikungozungulira pamalo amodzi mpaka kufa akudziwa zimene tikunena. Akapatsa galu mutu wa mbuzi yotere wosaphika, wabzala matendawo m'khola lake lomwe.

Za nyama yofa yokha ndiye zoopsa koposa. Mu 2011 anthu oposa 500 anadwala anthrax m'boma la Chama atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa mu mtsinje wa Luangwa, ndipo mu 2023 matendawa anabukanso, makamaka ku Sinazongwe. Galu akapeza ciweto cotere amakoka mafupa ndi zikopa kufikitsa pakhomo, ndipo kacilombo kake kamakhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Nyama iyi musaisende ndipo musadalire kuiphika. Itanani a zaziweto, ndipo itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya limene galu sangafukule. Alimi a nkhumba ku Eastern Province akumbukirenso kuti cigodola cimayenda ndi zidutswa za nyama zimene agalu amanyamula kucoka pakhomo lina kupita pa lina.

Tikudziwa kuti ena amakhulupirira kuti magazi aiwisi amacititsa galu kukhala waukali ndi wodziwa kulonda. Ife tinaona agalu a uzimba olimba bwino amene anakula ndi nsima, gaga ndi msuzi wa kapenta. Cimene cimafooketsa galu ndi njala ndi njoka za m'mimba.

Tikupempha conco: zam'kati, mitu ndi zotsala za ciweto cimene mwapha cili camoyo ziwiritsidwe mpaka zipse bwino, kenaka muzisakanize ndi gaga kapena nsima. Cidutswa cokhala ndi matuza citenthedwe. Mafupa a nkhuku ophika musapatse galu, cifukwa amasweka nkubaya pakhosi ndi m'matumbo. Tsiku limene mupereka galu ku katemera wa ciwewe, funsaninso mankhwala a njoka za m'mimba okhala ndi praziquantel, ndipo a zaziweto akuuzeni nthawi yobwerezera. Atsogoleri a mipingo ndi a mafumu, posankha anthu opha ndi kusenda pa mwambo, asankheponso mmodzi woyang'anira poto wa zotsalazi.