Dotolo Ayambe Waona Asanadule

Pocezera odwala timamva kawirikawiri dandaulo lakuti: "Anati ndifunika opaleshoni, koma angonditumiza kukajambulitsa." Mwezi uno tifuna kuonetsa kuti kujambula kotere si kutaya nthawi ai.

Mlengi anatipatsa impso ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi kanjira kotsitsira mkodzo m'cikhodzodzo. Mwa anthu ena kanjirako nkothina pamene kacokera ku impso, motero mkodzo uunjikana, impso nitupa. Wina amva kupweteka m'nthiti ca kumsana, makamaka akamwa madzi ambiri. Wina samva kanthu kufikira impsoyo itaonongeka.

Nthawi zina copanikiza kanjirako ndi mtsempha wa magazi umene waupingasa, monga muzu upingasa ngalande ya kudimba. Mlimi angathe kudula muzu, koma dotolo sayenera kudula mtsempha umenewu, pakuti gawo la impso limene umadyetsa lingafe, ndipo wodwala angataye magazi ambiri.

Ndico cifukwa cace dotolo afuna kuyamba waona. Makina a CT, amene Godfrey Hounsfield anapanga, ndipo anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, aonetsa za m'kati mwa thupi gawo ndi gawo. Wodwala abayidwa pamkono mankhwala okhala ndi ayodini kuti mitsempha ioneke bwino. Angamve kutentha m'thupi, koma nkwa kanthawi cabe. Mtsempha wopingasa ukapanda kupezeka, nthawi zina nkokwanira kung'amba pothinapo podzera m'njira ya mkodzo. Ukapezeka, kawirikawiri dotolo asankha opaleshoni imene Anderson ndi Hynes anafotokoza mu 1949: acotsa pothinapo, nalumikizanso kanjirako kutsogolo kwa mtsempha, mtsemphawo nausiya wamoyo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono tikatumizidwa kukajambulitsa, tisazengereze. Tiuze dotolo ngati tili ndi pakati, ngati tidwala shuga, kapena ngati mankhwala otere anatidwalitsapo kale. Ndipo ngati mnzathu atumizidwa kutali, monga ku UTH ku Lusaka, ife a mumphakati mwace tisonkhe ya ulendo msanga, pakuti impso yotsekeka siyembekeza kuti tikolole. Timpempherere, timuitanire Bambo Mfumu, komanso timperekeze. Nzeru za dotolo nazonso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo thupi limene Iye anatibwereka tiyenera kulisamala.